Inkosi ya Makosi Gomani Woyamba: Moyo, Imfa ndi Cholowa Chake

Pa 27 Okutobala 1896, asilikali a boma la Britain anawombera ndi kupha Inkosi ya Makosi Gomani Woyamba, mwana wa Chikuse, m'dera la pakati pa Dombole ndi Chiole m'boma la Ntcheu. Pa nthawiyo mfumuyi inali italamulira Angoni a kwa Maseko zaka zisanu zokha, ndipo zitatu mwa zakazo zinali zitathera pa nkhondo yapachiweniweni. Inafa ikadali ndi mphamvu zaunyamata, ndipo atsamunda anagawa dziko lake ngati kuti ufumu wa Amaseko wathera pomwepo. Lero papita zaka zoposa 125, koma aliyense wolowa pampandowo amatchedwa Gomani, ndipo manda ake ku Nkolimbo ndiwo malo amene Angoni a kwa Maseko amasonkhanako chaka ndi chaka.

Onse amene afika pa Kandeu, m'dera la Inkosi Ganya, kudzaona magule, zovala ndi miyambo ya makolo, akuona zinthu zimene zinadutsa m'manja mwa m'badwo wa Gomani. Chishango chachikopa cha ng'ombe, chibonga, nthenga zakumutu ndi kaponde kamphamvu ka gule wa ngoma sizinayambe monga zokometsera mwambo. Zinali zida ndi zizindikiro za ufumu umene unali ndi asilikali ake, mabwalo ake a milandu ndi malire ake. Kudziwa moyo wa mfumu yomaliza imene inalamulira ufumuwo uli pawokha kumathandiza kumvetsa kulemera kwa zimene zikuvinidwa pabwalo lero.

Kumene Amaseko anachokera

Amaseko anachokera kuchigwa cha mtsinje wa Usutu, m'dziko limene lero likutchedwa Eswatini. M'zaka za m'ma 1820, dera lonse la kumwera chakum'mawa kwa Africa linagwedezeka ndi nkhondo zimene zinadza pamodzi ndi kukula kwa ufumu wa Azulu pansi pa Shaka. Magulu ambiri anasamuka. Mzilikazi anatsogolera Amandebele, Soshangane anakakhazikitsa ufumu wa Gaza kumwera kwa Mozambique, Zwangendaba wa kwa Jere analowera kumpoto, ndipo Ngwana Maseko nayenso anatenga anthu ake ndi ng'ombe zawo n'kuuyamba ulendo.

Gulu la Zwangendaba linawoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene kunachita kadamsana. Amaseko anawoloka patapita zaka zingapo, chakumunsi kwa mtsinjewo, Ngwana atamwalira kale. Pansi pa Mputa, mwana wa Ngwana, anakhalako kudera la phiri la Domwe, kenaka anawoloka Shire ndi kudzera kum'mawa kwa nyanja mpaka anakafika ku Songea, kumwera kwa dziko limene lero ndi Tanzania. Kumeneko anakumana ndi Angoni ena amene anali atapatukana ndi gulu la Zwangendaba. Poyamba anakhalira pamodzi, koma pambuyo pake panabuka udani. Mputa anafera komweko, ndipo Amaseko anakakamizika kubwerera kumwera.

Popeza Chikuse, mwana wa Mputa, anali akadali wamng'ono, Chidyaonga, m'bale wake wa Mputa, ndiye anagwirizira ufumu ndi kutsogolera anthu pa ulendo wobwerera. Cha m'ma 1870 anakhazikikanso ku Domwe, kumapiri okwera amene lero ali mbali ya Mozambique, kumadzulo kwa Dedza ndi Ntcheu. Malowo anali ozizira bwino, a msipu wabwino, oyenera anthu oweta ng'ombe.

M'njira monsemo Amaseko ankatenga anthu a mitundu ina, ena mowagwira pankhondo, ena mowalandira atadzipereka okha. Pofika nthawi imene anakhazikika ku Domwe, ochokeradi kumwera anali ochepa pakati pa khamu la Achewa, Antumba, Ambo ndi ena ambiri. Ana ankaleredwa ndi amayi olankhula chinenero cha kuno, motero Chichewa chinasanduka chilankhulo cha tsiku ndi tsiku, pamene Chingoni chinatsalira m'nyimbo, m'mawu otamanda mafumu, m'mayina a midzi ndi m'ziwongo.

Ubwana m'dziko la Chikuse

Gomani, amene ankadziwikanso ndi dzina lakuti Chatamthumba, anakulira m'dziko limeneli. Chidyaonga atamwalira cha mu 1878, ufumu unabwerera kwa mwini wake, Chikuse, monga momwe mwambo unkafunira. Choncho Gomani anakula ali mwana wa mfumu yolamulira, pamaso pa agogo ake aakazi, Namlangeni, mkazi wa Mputa, amene mawu ake anali olemera kwambiri pa nkhani za ufumu.

Kaleredwe ka mwana wamwamuna wa Chingoni kanali kokhwima, ndipo mwana wa mfumu sankapatulidwa. Mnyamata akangogulula mano aubwana ankachoka m'nyumba ya amayi ake kukagona ku laweni, gowelo la anyamata, kumene aakulu ankalamulira aang'ono. Usana ankakhala kubusa. Kumeneko ankaphunzira kudziwa ng'ombe iliyonse ndi maonekedwe ake, kuchinjiriza ndi ndodo, kupirira njala ndi chisanu, ndiponso kumvera amene ali pamwamba pake. Akakula ankalowa m'gulu la ankhondo la msinkhu wake. Khola la ng'ombe linali pakati pa mudzi, ndipo pakhomo pake ndi pamene amuna ankakambira milandu, kuvinira ngoma ndi kupembedzera mizimu ya makolo. Mfumu inkalamulira mothandizidwa ndi alumuzana, akuluakulu a mabanja akale, pamodzi ndi nduna zimene inkaziika kuyang'anira midzi ndi magulu a nkhondo.

M'masiku a Chikuse mphamvu za Amaseko zinafika pachimake. Mu 1884 ankhondo ake anawoloka Shire ndi kuthira nkhondo midzi ya kumapiri a Blantyre ndi Zomba. Chaka chomwecho mlendo wina wa ku Scotland, Montagu Kerr, anafika kumudzi kwa Chikuse ndipo pambuyo pake analemba za ulendo wakewo. Amishoni a Livingstonia nawonso anali atayamba kale kukambirana ndi mfumuyi, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880 anatsegula mishoni m'chigwa cha Livulezi, kufupi ndi dera lino la Kandeu.

Mbiri yoona iyenera kunenanso za mbali yowawa ya mphamvuzo. Nkhondo za chaka ndi chaka zinkasiya midzi ili mabwinja. Achewa, Amang'anja ndi Ayao ambiri anathawira pamwamba pa mapiri, m'mapanga, m'malinga ndi pazilumba. Ena anatengedwa ukapolo, ndipo ambiri anafa ndi mwavi umene unkamwetsedwa kwa anthu oganiziridwa zoipa. Ochuluka mwa amene lero amadzitcha Angoni m'boma la Ntcheu ali ndi magazi a mbali zonse ziwiri, a ogwira ndi a ogwidwa. Umenewu ndiwo ufumu umene Gomani anadzalandira, waulemerero kwa ena, woopsa kwa ena.

Chaka cha 1891

Zinthu zitatu zinachitika m'chaka chimodzi, ndipo zonse zinagwera pamutu pa mnyamatayu. Choyamba, mu Meyi 1891 boma la Britain linalengeza kuti madera ozungulira nyanja ali pansi pa chitetezo chake, ndipo Harry Johnston anaikidwa kukhala mkulu wa boma latsopanolo, likulu lake lili ku Zomba. Chachiwiri, mu Juni chaka chomwecho Britain ndi Portugal anasayina pangano logawana malire. M'dera lino malirewo anatsata msana wa mapiri, pamene madzi ena amatsikira kunyanja ndi ku Shire, ena n'kumalowera ku Zambezi. Msanawo unali pakati penipeni pa dziko la Amaseko, ndipo palibe Mngoni amene anafunsidwa maganizo. Aliyense woyenda pa msewu wa M1 pakati pa Biriwiri ndi Lizulu amaona zotsatira zake mpaka lero: mbali ina ya msewu ndi Malawi, mbali ina ndi Mozambique, koma anthu ake ndi a ziwongo zimodzimodzi ndipo amagulitsa mbatata ndi kabichi pamsika umodzi.

Chachitatu, Chikuse anamwalira m'chaka chomwecho, ndipo Gomani analowa ufumu. Analandira mpando wa atate ake dziko lili litagawidwa kale papepala ndi maboma awiri akutali, ngakhale kuti pa nthawiyo panalibe msilikali wachizungu kapena wokhometsa msonkho amene anali atakhazikika kumapiriko. Chakudza sichiimba ng'oma. Vuto limene linkaoneka ndi maso pa masikuwo linali la m'banja momwemo.

Nkhondo yapachibale

Chidyaonga anasiya mwana wake Chifisi, amene anali ndi midzi yambiri ndi ankhondo ake. Ngakhale m'masiku a Chikuse, nyumba ziwirizi sizinkamwerana madzi. Chifisi anamwalira chaka chomwecho cha 1891, ndipo utsogoleri wa nyumba yake unapita kwa Kachindamoto. Motero atsogoleri awiri achinyamata, onse a magazi a Maseko, anayang'anizana, aliyense ali ndi akuluakulu omulimbikitsa kumbuyo.

Nkhondo yawo inatenga zaka pafupifupi zitatu. Mbali zonse ziwiri zinafuna thandizo kwa mafumu a Chiyao a kunyanja, amene anali ndi mfuti ndi onga kuchokera kwa amalonda a kugombe la nyanja yamchere. Malipiro a thandizolo kawirikawiri ankakhala anthu ogwidwa pankhondo, amene ankagulitsidwa ukapolo. Minda inasiyidwa yosalimidwa, nkhokwe zinatenthedwa, ndipo dzombe limene linagwa m'zaka zomwezo linawonjezera njala. Anthu ambiri anathawira kuchigwa, kumishoni ndi kutsidya la Shire.

Pamapeto pake Kachindamoto anachoka kumapiri n'kukakhazikika kunyanja, kudera la Mtakataka m'boma la Dedza, kumene ufumu wa Kachindamoto ulipo mpaka lero. Chakumapeto kwa 1894 akuluakulu a asilikali a boma la atsamunda analowererapo ndi kuyanjanitsa awiriwa. Gomani anatsala ali mfumu yaikulu ya kumapiri, koma mtengo wa chipambanocho unali waukulu. Ankhondo anali atachepa, anthu anali atabalalika, ndipo boma la ku Zomba linali litapeza khomo lolowera m'nkhani za Amaseko monga mkhalapakati.

Msonkho, ntchito ndi mishoni

Mphamvu za mfumu ya Chingoni zinkayezedwa ndi kuchuluka kwa anthu amene ali pansi pake. Anthuwo ndiwo ankalima minda ya mfumu, kuweta ng'ombe, kupereka mitulo ndi kudzaza magulu a nkhondo. M'zaka ziwiri zotsatira mtendere wa 1894, Gomani anaona anthuwo akumupulumuka m'manja mwa njira zitatu.

Njira yoyamba inali ntchito. Azungu anali atatsegula minda ya khofi kumapiri a Blantyre, Zomba, Thyolo ndi Mulanje, ndipo ankafuna antchito ndi amtengatenga ochuluka. Amuna zikwizikwi a kudziko la Angoni, makamaka a mabanja amene anachita kugwidwa, anayamba kutsikira kumeneko chaka chilichonse kukagwira ntchito yolipidwa nsalu. Munthu wobwera ndi nsalu yakeyake sankadaliranso mphatso za nduna.

Njira yachiwiri inali msonkho. Boma latsopanolo linkakhometsa msonkho wa nyumba, mashiling'i atatu pachaka, ndipo linkafuna kuufikitsa kumadera onse. Kwa Angoni, kupereka msonkho kunali chimodzimodzi kupereka mtulo, ndipo mtulo umaperekedwa kwa amene ukumuvomereza kuti ndi mbuye wako. Mudzi wokhoma msonkho ku boma unali ukunena poyera kuti mwini dziko wasintha.

Njira yachitatu inali mishoni. Mpingo wa Zambezi Industrial Mission, umene Joseph Booth anauyambitsa mu 1892, unatsegula malo ake ku Ntonda, Chiole ndi Dombole. Pafupi ndi malowa panamera midzi ya anthu othawa nkhondo, othawa milandu ndi othawa ulamuliro wa nduna. Kwa anthuwo mishoni inali pothawirapo. Kwa mfumu inali ngati linga lomangidwa pakati pa dziko lake, losunga anthu amene bwalo lake silikanathanso kuwafikira.

Nkhani zochokera kutali nazonso sizinali zokhazika mtima pansi. Ufumu wa Lobengula unagwa mu 1893. Mu Disembala 1895 Apwitikizi anagwira Ngungunhane, mdzukulu wa Soshangane, n'kupita naye kutsidya la nyanja. Mu Marichi 1896 Amandebele anaukira azungu, ndipo mu Juni Mashona anachita chimodzimodzi. Maufumu obadwa pa msamuko umodzi uja ankagwa limodzi ndi limodzi, ndipo akuluakulu a boma ku Zomba ankayang'ana Angoni a kuno ndi diso lokayika.

Okutobala 1896

M'mwezi wa Okutobala 1896 ankhondo a Gomani anathira nkhondo midzi yoyandikana ndi mishoni za Zambezi Industrial Mission, imene anthu ake anali atadziika pansi pa chitetezo cha azungu. Nyumba zinatenthedwa, anthu ena anaphedwa ndipo ena anatengedwa. Kwa Gomani uku kunali kulanga anthu ake omugalukira, monga momwe atate ake ndi agogo ake ankachitira. Kwa boma la atsamunda chinali chifukwa chokwanira chothetsera ufumu umene linkauona kale ngati chopinga.

Alfred Sharpe, amene ankagwirizira udindo wa mkulu wa boma Johnston atachoka, anatumiza gulu la nkhondo. M'gululo munali asilikali a Chisikh ochokera ku India ndi asilikali a kuno komwe, motsogozedwa ndi akapitawo achizungu, ena mwa iwo Captain Stewart ndi Captain Manning. Anali ndi mfuti zamakono zimene chishango chachikopa sichikanatha kutchinga. Nkhondoyo sinatenge masiku ambiri. Ankhondo a Chingoni, otopa kale ndi zaka za nkhondo yapachibale, anabalalika, ndipo Gomani anagwidwa.

Za maola ake omaliza pali nkhani ziwiri. Zolembedwa za boma la atsamunda zimanena kuti anazengedwa mlandu ndi akuluakulu a asilikali, napezeka wolakwa, ndipo anaweruzidwa kuti aphedwe. Nkhani imene Angoni akhala akusiyirana m'mibadwo yonseyi imanena kuti asilikali anamutenga wapansi kulowera kumwera ali womangidwa, ndipo atafika pakati pa Dombole ndi Chiole anakhala pansi n'kukana kupitirira, poti sikunali koyenera kuti Inkosi ya Makosi ikokedwe ngati kapolo pamaso pa anthu ake ndi kutulutsidwa m'dziko la makolo ake. Atalephera kumusuntha, anamumangirira kumtengo n'kumuwombera. Nkhani zonse ziwiri zimagwirizana pa tsiku ndi pa mathero ake. Anthu ake anamuika m'manda pafupi ndi pamene anaferapo.

Gomani sanali yekha pa mapeto otere. Mu Januwale 1898 asilikali a boma lomwelo anagonjetsa Angoni a Mpezeni kudera la Chipata, ndipo Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera nkhondoyo, anawomberedwa. Chaka chomwecho Mkwawa, mfumu ya Ahehe ku Tanzania, anadzipha pokana kugwidwa ndi Majeremani. Angoni a M'mbelwa analowa pansi pa boma popanda nkhondo, pa mgwirizano wa mu 1904.

Ufumu umene unakana kufa

Gomani ataphedwa, boma linamanga linga la asilikali ku Mlangeni ndipo linayamba kuchita zinthu ndi nduna iliyonse payokhapayokha, ngati kuti pamwamba pawo palibe wina. Msonkho unafika m'mudzi uliwonse, ndipo nkhondo zogwira anthu zinatha. Kutsidya la malire, Apwitikizi nawo anagonjetsa Amaseko otsala pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, m'dera limene lero limatchedwa Angonia, kumene kuli ufumu wa Zintambira. Amishoni anachuluka. Mu 1901 ansembe a Chikatolika a chipani cha Montfort anafika ku Nzama, kwa Njobvuyalema, ndipo mpingo wa Dutch Reformed unatsegula Mlanda chaka chotsatira.

Koma Gomani anasiya mwana wamng'ono, Zitonga, amene akuluakulu anamusunga ndi kumulera mpaka anakula. Mnyamatayu anaphunzira sukulu, nabatizidwa dzina lakuti Philip, ndipo mu 1921 analowa ufumu monga Gomani Wachiwiri, likulu lake lili ku Lizulu. M'zaka zomwezo za m'ma 1920 Angoni anamanga chipilala pamanda a Gomani Woyamba, ndipo m'zaka za m'ma 1930 boma linavomereza Philip Gomani kukhala mfumu yaikulu ya Angoni a m'boma la Ntcheu. Mafumu monga Ganya, Njolomole, Mpando, Kwataine, Chakhumbira, Makwangwala ndi Masasa anakhalanso ndi mutu umodzi wowalumikiza. M'nthawi yake katswiri wa za chikhalidwe Margaret Read anakhala pakati pa Angoni, ndipo zimene anamva kwa nkhalamba zoona ndi maso masiku a Chikuse ndi Gomani anazilemba m'mabuku amene akuwerengedwa mpaka lero.

Mwanayo anatsata mapazi a atate ake pa njira yakeyake. Mu 1953, pamene Britain inkakakamiza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, Gomani Wachiwiri anauza anthu ake kuti aleke kumvera malamulo ena a boma, makamaka a zaulimi, posonyeza kukana chitaganyacho. Boma linamuchotsa paudindo ndi kulamula kuti achoke m'boma la Ntcheu. Ngakhale anali wodwala, anathawira ku Mozambique pamodzi ndi mwana wake Willard ndi m'busa Michael Scott, koma Apwitikizi anawabweza. Anamwalira pa 12 Meyi 1954 kuchipatala cha Malamulo ku Thyolo, kutali ndi kwawo. Chitaganyacho chinatha pa 31 Disembala 1963, ndipo lero nkhope ya Gomani Wachiwiri ili pa ndalama yapepala ya K50. Willard anadzakhala Gomani Wachitatu, kenaka kunabwera Gomani Wachinayi, ndipo Inkosi ya Makosi Gomani Wachisanu analongedwa ufumu mu 2012.

Manda, mapanga ndi chuma cha dziko lonse

Mu 1972 mayiko a m'bungwe la UNESCO anagwirizana zoteteza malo amene ndi ofunika kwa anthu onse a padziko lapansi. Pa mndandanda wa malo otere pali mabwinja amiyala a Great Zimbabwe, amene analembedwa mu 1986, ndiponso manda a mafumu a Buganda ku Kasubi, mumzinda wa Kampala, amene analembedwa mu 2001. Mmodzi mwa mafumu ogona ku Kasubi ndi Mwanga Wachiwiri, amene anakhala ndi moyo nthawi imodzi ndi Gomani, nalimbana ndi Britain, n'kukafera kuukapolo kuzilumba za Seychelles. Mu Marichi 2010 nyumba yaikulu yaudzu ya pamandawo inapsa ndi moto. Inatheka kumangidwanso chifukwa panali amisiri amene ankadziwabe kafoleredwe ka makolo, ndiponso anthu amene ankadziwa tanthauzo la mzati uliwonse.

Malawi ali ndi malo atatu pa mndandandawo: malo osungirako zachilengedwe a Lake Malawi National Park kuyambira mu 1984, zojambula za pamiyala za ku Chongoni kuyambira mu 2006, ndi phiri la Mulanje kuyambira mu 2025. Pa mndandanda wina, wa miyambo yosagwirika ndi manja, pali Gule Wamkulu, Vimbuza, Tchopa ndi kaphikidwe ka nsima.

Mwa malo onsewa, Chongoni ndi amene akukhudzana kwambiri ndi mbiri ya Gomani. M'mapiri a ku Dedza amenewa muli malo 127 okhala ndi zojambula, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, zokhudza chinamwali ndi nyau. Ena mwa mapangawo ndi amene Achewa ankabisalamo pothawa nkhondo za Angoni, ndipo anali malo osungirako zinsinsi za miyambo yawo pa nthawi imene Angoni, amishoni ndi atsamunda sankaifuna. Choncho Chongoni ndi Nkolimbo ndi mbali ziwiri za nkhani imodzi. Malo ena akusunga chikumbukiro cha othawa, ena cha mfumu ya amene ankawathamangitsa, yomwe nayonso inadzagwa m'manja mwa amphamvu kuiposa. Zidzukulu za onsewa lero zimakwatirana, zimapemphera m'matchalitchi amodzi ndipo zimalankhula chinenero chimodzi. Ku Mua, m'dera la Kachindamoto, nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Chamare ku Kungoni inaika mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao m'zipinda zoyandikana.

Zotsala m'manja mwa a lero

Manda a ku Nkolimbo sali pa mndandanda wa UNESCO, ndipo gule wa ngoma nayenso sanalembedwepo. Chimene chawasunga mpaka pano ndi anthu eni ake. Akuluakulu amene anabisa ndi kulera Zitonga analibe thandizo la boma lililonse. Amene anamanga chipilala anachita zimenezo atsamunda akulamulirabe. Mwambo wa Umhlangano, umene umasonkhanitsa Amaseko a ku Malawi, Mozambique ndi mayiko ena ku Nkolimbo, ukuyenda m'njira yomweyo.

Zimene zili pa ngozi lero n'zosavuta kuziona. Nkhalamba zodziwa kutchula mayina otamanda mafumu mwa dongosolo lake zikutha. Nyimbo zambiri za ngoma zikuimbidwa ndi achinyamata amene sanauzidwe tanthauzo la mawu ake a Chingoni. Amisiri odziwa kufufuta chikopa ndi kusoka chishango atsala owerengeka, ndipo makola a ng'ombe, amene anali mtima wa mudzi wa Chingoni, achepa m'midzi yambiri. Pali ana odziwa chiwongo chawo koma osadziwa kumene chinachokera. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma amagonera pokhapokha ngati wina anawamva ndi kuwasunga.

Kwa anthu a kwa Ganya ndi madera ozungulira Kandeu, ntchitoyi ili pafupi. M'midzi ya m'chigwa cha Livulezi ndi m'mphepete mwa mapiri mukadali agogo amene anamva kwa agogo awo za nkhondo ya Gomani ndi Kachindamoto, za njala ya dzombe, za msonkho woyamba ndi za ulendo wapansi wopita kuminda ya khofi. Mudzi uliwonse uli ndi mbiri ya mmene unafikira pamalo pake, ndipo banja lililonse lili ndi mzera wa mayina. Zonsezi zingathe kulembedwa m'kope la kusukulu kapena kujambulidwa pa foni, agogowo akadali moyo.

Inkosi ya Makosi Gomani Woyamba analamulira kuyambira 1891 mpaka 1896. Analandira ufumu wogawika, anaumenyera nkhondo kwa abale ake ndi kwa alendo, ndipo anafera m'dziko lake. Mawu akuti Bayethe akamamveka pabwalo la Kandeu lero, akupita kwa mfumu yachisanu yotchedwa ndi dzina lake.